Mzinda umamera pomwe katundu watsikira

Ukaima pa siteji ya Mbayani cha m'ma 5 koloko m'mawa, dzuwa lisanasuzumire kuseri kwa phiri la Ndirande, umaona anthu akuthiridwa m'tauni ngati chimanga pa chigayo. Oyamba kudutsa ndi anyamata a makala, njinga itasenza matumba atatu, akukankha chifukwa pachitunda palibe angapalase. Ena mwa iwo anyamuka dzulo madzulo kutsidya kwa Shire. Kumbuyo kwawo kukubwera amayi a madengu a tomato ndi mpiru, alonda oweruka ku ntchito ya usiku akusemphana ndi anzawo opita, ana a sukulu, ndi abambo a nsapato zopolisha amene asankha kuyenda wapansi kuti ya minibasi igule ndiwo. Woyitanira ali pakamwa yasa: "Lunzu mmodzi! Tiyeni mayi, yadzadza iyi!" Mmodzi ameneyo sakwana mpaka mphindi khumi zitatha.

Msewu umene anthuwa aima m'mbali mwakewo si wa Mbayani yekha. Umachoka pa Clock Tower, kudutsa pano, Chemusa ndi Chirimba, kukafika pa Kameza, Lunzu, Lirangwe mpaka pa Zalewa. Pamenepo umagawikana: wina ukulowera ku Balaka, Ntcheu ndi Lilongwe, wina ku Mwanza, Tete, Harare mpaka ku Joni. Andale akafika pa msonkhano amati msewu ndi chitukuko, ndipo anthu amaomba m'manja. Sanama kwenikweni, koma anena theka. Mbiri ya Blantyre, ndi ya matauni ena amene anakula kapena kufota pambali pake, ikuonetsa kuti njira yongodutsa siikulitsa malo. Malo amakula pomwe ulendo waduka, pomwe katundu ayenera kutsitsidwa, kusungidwa, kuwerengedwa ndi kukwezedwanso, ndipo munthu ayenera kugona. Poduka ulendopo pakasamuka, ntchito nazo zimasamuka. Anthu okha ndiwo amatsala.

Blantyre anabadwa chifukwa cha chilema cha mtsinje. Shire akadakhala wosalala kuchokera ku Zambezi mpaka ku nyanja, sitima za pamadzi zikadangodutsa kumunsi kuja, ndipo kuno kukadakhala midzi ya amfumu a Kapeni ndi minda yawo. Koma pakati pa Chikwawa ndi Matope pali mathithi otalika makilomita oposa 60, kuyambira pa Kapichira kukwera kumtunda. David Livingstone anaima pamenepo mu 1859. Amishoni a mpingo wa Scotland atakhazikika kuno mu 1876, ndi kampani ya African Lakes ya abale awiri a Moir itafika mu 1878, anapeza kuti malowa ali pakati pa madoko awiri. Patapita zaka, katundu ankalowa pa doko la Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, n'kutsitsidwa. Kuchoka apo ankayenda pamutu pa amtengatenga, kukwera chitunda chonse chija mpaka ku sitolo za Mandala, kenako n'kutsikiranso ku Matope kukakwera sitima ina yopita ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi. Nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882, idakalipo. Tikamati ndi nyumba yakale kwambiri mumzinda muno, tizikumbukira kuti inali ya kampani ya katundu wa paulendo.

Amtengatengawo ankafunika ambirimbiri, ndipo munthu wosenza katundu amadya, amagona, amafuna fodya ndi mowa. Wina amayenera kumuphikira. Wina amalima chimanga choti aphikecho. Pofika mu 1895 Blantyre anali ndi khonsolo yake ya tauni. Atsamunda sankafuna kuti antchito akuda azikhala pakati pa tauniyo, choncho antchito ankamanga m'mphepete, pamtunda woti n'kulawira wapansi n'kufika bwana asanadzuke. Chikhalidwe cha Ndirande ndi Mbayani chinayambira pamenepo: malo oyandikira ntchito, koma amene mapulani a mzinda sankawawerengera.

Tsono onani zimene zinachitikira madoko aja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madzi a Shire anayamba kuchepa, sitima n'kumatitimira mumchenga. Doko linatsika kuchoka kwa Katunga kupita ku Chiromo, kenako ku Port Herald, Nsanje ya lero. Njanji ya Shire Highlands inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1915 inatalikitsidwa kumwera mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, mu 1922 ina inachokera ku Beira kufika kutsidya lina la mtsinjewo, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wautali makilomita oposa atatu ndi theka, unalumikiza ziwirizo. Sitepe iliyonse pamenepa inapha tauni. Chinde anatha ntchito. Chiromo, pomwe panali kasitomu, masitolo ndi azungu ovala zipewa, anasanduka siteshoni yongoimapo mphindi zingapo. Matope anatsala ndi tchalitchi cha Anglican ndi dzina. Njira inkakhala bwino chaka ndi chaka, koma kukhala bwinoko kunkatanthauza kuti katundu safunikanso kutsika pamalo amenewa.

Amene anapindula ndi malo omwe njanji inathera. Limbe sanali kanthu njanji isanabwere. Kampani ya njanji inaika likulu ndi magalaja ake kumeneko, kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale ya fodya mu 1908, amwenye anatsegula masitolo, ndipo mu 1938 okushoni ya fodya inayamba. Kwa zaka 27, kuyambira 1908 mpaka 1935 pomwe njanji inapitirira ku Balaka ndi Salima, chilichonse cholowa m'dziko muno pa sitima chinkatsikira ku Limbe kapena ku Blantyre, ndipo fodya, tiyi ndi thonje zotuluka zinkakwerera konkuno kapena m'masiteshoni a kumwera monga Luchenza. Zaka 27 n'zokwanira kuti mabanki, maloya, masitolo opikulitsa, magalaja ndi masukulu zimere mizu. Njanji itapitirira kumpoto, zimenezi sizinazuke. Mu 1956 matauni awiriwa anaphatikizidwa, ndipo mu 1966 kalembera anapeza anthu pafupifupi 109,000 mu Blantyre, pomwe Lilongwe ndi Zomba aliyense anali ndi anthu osakwana 20,000.

Apa pali kusiyana kumene anthu ambiri sakuona. Chiromo anali ndi ntchito imodzi, yotsitsa ndi kukweza. Blantyre pofika nthawi imeneyo anali ndi ntchito zambiri zodyetsana zokhazokha. Tauni ya ntchito imodzi imafa njira ikasuntha. Tauni ya ntchito zambiri imadwala, koma imapirira, ndipo nthawi zina njira yatsopano imaibweretsera makasitomala a matauni ang'onoang'ono amene yawameza. Anzathu a ku Zambia ali ndi nkhani yofanana. Lusaka anayamba ngati kasiteshoni ka njanji mu 1905, ndipo mu 1935 analanda ulikulu kwa Livingstone chifukwa anali pamphambano ya misewu yopita kumpoto ndi kum'mawa. Nairobi naye anayamba mu 1899 ngati msasa wa omanga njanji.

Dzina la depoti yathu ya mabasi limasunga mbali ina ya nkhaniyi. Wenela ndi katchulidwe kathu ka bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa, Witwatersrand Native Labour Association. Amuna ochokera m'maboma osiyanasiyana ankasonkhana kuno, kupimidwa, kukwera ndege pa Chileka mpaka ku Francistown, kenako sitima ya ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. M'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwizikwi anabwerera. Ambiri anapita kumudzi kapena ku maesiteti a fodya, koma aliyense amene anakulira m'makomboni a Blantyre amadziwa nkhalamba ina imene inatsika ndi sutikesi ndi wailesi, n'kunena kuti ikhala kaye sabata imodzi m'tauni, ndipo sabatayo sinathe mpaka lero. Chipata chotulukira chimakhalanso cholowera, ndipo pachipata pamatsalira anthu.

Kenako boma linasamuka. Likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo njira zinalondola. Msewu wa phula wochokera kumwera unali utafika kale. Njanji inachoka ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979, n'kupitirira ku Mchinji chaka chotsatira. Ku Kanengo, ku Lilongwe komweko, kunatsegulidwa okushoni ina, kufupi ndi kumene fodya wambiri amalimidwa, moti mlimi wa ku Kasungu analibenso chifukwa chotumizira mabelo ake ku Limbe. Bwalo la ndege la Kamuzu litayamba kugwira ntchito mu 1983, ndege zazikulu za kunja zinasiya Chileka. Ziwerengero zikulongosola zotsatira zake mosabisa. Mu 1977 Blantyre anali ndi anthu pafupifupi 219,000, Lilongwe 99,000. Mu 1987 anali 333,000 ndi 223,000. Mu 1998 anali 502,000 ndi 440,000. Kalembera wa 2008 anapeza kuti Lilongwe wapitirira pang'ono, ndipo wa 2018 anapeza anthu 989,000 ku Lilongwe, 800,000 ku Blantyre.

Wina anganene kuti izi si za misewu, ndi za ulikulu basi. Pali choona pamenepo. Boma ndilo bwana wamkulu wolemba ntchito m'dziko muno, ndipo kumene lapita, akazembe, mabungwe ndi makontilakita amatsatira. Palinso zina zosakhudza mayendedwe, monga lamulo la m'zaka za m'ma 1970 lochotsa amalonda achimwenye m'midzi kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, lomwe linafooketsa matauni ang'onoang'ono ambiri. Koma ulikulu wopanda njira sukulitsa mzinda. Zomba anali likulu kuyambira m'zaka za m'ma 1890, koma pofika 1966 anali asanakwane anthu 20,000, chifukwa njanji inamulambalala ndipo malonda anatsalira ku Blantyre. Lilongwe anapatsidwa zonse ziwiri, mpando ndi mphambano, pakati pa chigwa cha chonde.

Zomba anamenyedwa kawiri. Atalandidwa ulikulu, anali adakali pa msewu waukulu, chifukwa aliyense wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe pa phula ankadzera ku Zomba, Liwonde ndi Balaka. Msewu wa Zalewa utathiridwa phula, ulendo unafupika ndi makilomita pafupifupi 50, ndipo mabasi ndi mathiraki anasiya kudzera kumeneko. Nyumba ya Malamulo nayo inachoka mu 1994. Komabe Zomba sanachepe: mu 2018 anali ndi anthu 105,000. Chimene chamugwira ndi zinthu zosayenda pa msewu, monga yunivesite ya ku Chirunga, asilikali a ku Cobbe, apolisi, ndende ndi zipatala. Koma yerekezani ndi Mzuzu, amene mu 1966 anali ndi anthu osakwana 9,000, osafika n'komwe theka la a ku Zomba, ndipo mu 2018 anali ndi 221,000. Mzuzu ali pomwe msewu wa M1 ukumana ndi wa m'mbali mwa nyanja, ndipo ndiye poima pa ulendo wa ku Tanzania.

Msewu wa Zalewa umenewu ndiwo unasintha mbali ino ya Blantyre. Kale khomo la mzinda linali Limbe, kuyang'ana ku Beira ndi ku Zomba. Lero khomo lalikulu lili kumpoto, ndipo Mbayani, Chemusa ndi Chirimba ali pakhonde penipeni. Chinatembenuza mzindawu kwenikweni ndi nkhondo ya ku Mozambique. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zinadula njanji ya ku Beira. Ya ku Nacala, yomwe inatsegulidwa mu 1970 kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi, inaima mu 1984. Mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa mu 1986. Dziko limene pafupifupi katundu wake yense wakunja ankayenda pa njanji, mtunda wa makilomita 650 kapena 800, linayamba kudalira mathiraki ochokera ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 2,000, ndi ena ochokera ku Dar es Salaam. Mtengo wa chilichonse unakwera. Ndipo thiraki si sitima: silisowa siteshoni, silisowa galaja ya ku Limbe. Likafika pa Zalewa likhoza kukhotera kumanzere n'kupita ku Lilongwe osaponda n'komwe mu Blantyre.

Mtendere unabwera mu 1992, koma katundu sanabwerere pa njanji monga kale. Mu 1997 madzi anakokolola njanji pa Chiromo, Bangula ndi Nsanje n'kudukiratu. Malawi Railways inaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways mu 1999. Amene anaona Luchenza m'masiku a sitima za tiyi, ndi kuiona lero, safuna kumuuza kuti tauni imafota bwanji. Nyumba zosungiramo katundu zilipo, njanji ilipo, koma phokoso linachoka. Nsanje analonjezedwa kuuka mu October 2010, pomwe Bingu wa Mutharika anatsegula doko lake pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Anthu anathamangira kukagula mapuloti. Boma la Mozambique silinalole kuti sitima zidutse mu Zambezi kafukufuku asanachitike, ndipo padokopo mpaka lero pamakocheza mabwato a asodzi. Doko ndi konkire chabe ngati kutsidya kulibe wolandira.

Chitsanzo chimene chimandipatsa maganizo kwambiri ndi njanji yatsopano imene kampani ya Vale inamanga kuchokera ku migodi ya malasha ya Moatize, kudutsa Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, n'kulumikiza ya ku Nacala. Ndi njanji yamakono kuposa ina iliyonse imene dziko lino linaonapo. Sitima zake zimakoka mabogi oposa 100. Koma malasha akwera ku Moatize, atsika ku Nacala. Pakatipa anthu amangowerenga mabogi akudutsa, ndipo njanjiyo imamulambalala Blantyre kutali. Njanji ya 1908, yokhotakhota, inabala Limbe. Iyi sinabale tauni ya msinkhu umenewo, chifukwa palibe chotsika.

Pali chinthu china chimene msewu wabwino umachita, chomwe oomba m'manja aja sachiganizira. Ku Japan, sitima zothamanga kwambiri zitayamba mu 1964 pakati pa Tokyo ndi Osaka, anthu anayamba kudandaula kuti njira yachangu imayamwa mzinda waung'ono kupita ku waukulu, monga mwana amayamwira chakumwa ndi kapaipi. Kampani imene inkasunga ofesi ziwiri imatseka imodzi, poti bwana akhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Ifenso tili nazo. Kochi yonyamuka ku Blantyre 7 koloko m'mawa imafika ku Lilongwe nthawi ya nkhomaliro. Maofesi angapo a boma ndi a makampani amene ankakhala kuno asamukira ku likulu, n'kusiya kanthambi. Koma kuyamwa kwakukulu kumachitikira pa Mwanza. Blantyre wa m'ma 1970 anali ndi mafakitale a nsalu, mabulangete, sopo, machesi, nsapato, mowa ndi simenti, ku Makata, Ginnery Corner, Chirimba ndi Limbe, ndipo chimodzi mwa zimene zinkawateteza chinali msonkho ndi kutalika kwa ulendo. Misika itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, msewu womwewo unayamba kubweretsa katundu wopangidwa kale wa ku South Africa ndi Zimbabwe, mabelo a kaunjika, kenako wa ku China. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead, yomwe inkalemba anthu masauzande ambiri a ku Ndirande, inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003. Sitinganene kuti msewu wokha ndiwo unapha mafakitale, poti magetsi, ngongole ndi kusowa kwa ndalama zakunja zili ndi mlandu wake. Koma mpeni unalowera pamenepo.

Tsono n'chifukwa chiyani Mbayani akudzazabe? Kumayiko a azungu mzinda ukataya ntchito umatayanso anthu: Detroit anali ndi anthu oposa 1.8 miliyoni mu 1950, lero sakwana 700,000, ndipo nyumba zimangokhala zopanda munthu. Kwathu kuno sizitero. Pakati pa 2008 ndi 2018 anthu a mu Blantyre anawonjezeka ndi pafupifupi 2 pa 100 alionse pachaka, pomwe dziko lonse linkawonjezeka ndi pafupifupi 3. Kunena kwina, mzinda ukukula, koma mochedwa kuposa dziko, ndipo gawo lalikulu la kukulako ndi ana obadwira momwemo. Kufota kwa mzinda wa ku Malawi sikuoneka pa nyumba zopanda anthu. Kumaoneka pa mwana amene bambo ake ankalandira malipiro pa 27 ndi penshoni, iye akugulitsa ma eyataimu kapena kuyendetsa kabaza. Kumaoneka pa landilodi amene wadula chipinda chimodzi kukhala ziwiri, n'kumanganso china pomwe panali dzenje la zinyalala.

Ndipo obwera akubwerabe, chifukwa kumene akuchokera munda wachepa. Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Phalombe ndi maboma othinana kwambiri, ena mwa iwo malo abwino anatengedwa ndi maesiteti kalekale. Kuchoka kumeneko kufika ku Limbe ndi ola limodzi kapena awiri pa minibasi. Kufupika kumeneku kumagwira ntchito mbali ziwiri. Kumachititsa kuti kubwera kukhale kosavuta, koma kumachititsanso kuti munthu asasamukiretu: amachita geni m'tauni, mvula ikagwa ali kumudzi kukabzala, maliro akachitika mtembo ukwera galimoto kubwerera kwawo. Ndinakhalapo moyandikana ndi mayi wina amene mwezi uliwonse ankalandira thumba la ufa ndi nandolo kuchokera kwa amayi ake, lotumizidwa ndi kondakitala wodziwana naye. Iye ankabweza sopo, shuga ndi mchere pa minibasi yomweyo. Banja limenelo linali ndi mwendo umodzi m'tauni, wina kumudzi, ndipo chimene chinkagwira miyendo iwiriyo kuti isang'ambike chinali mtengo wa minibasi. Kalembera amalemba munthu malo amodzi, koma moyo wake uli pa msewu.

Ena Blantyre ndi pokwerera chabe. Mabasi a ku Joni amanyamuka kuno atadzaza achinyamata a ku Mangochi, Machinga ndi m'makomboni momwe muno, kudzera pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Wenela anatha koma njira yake sinafe, chimene chasintha n'chakuti lero palibe kontilakiti. Achinyamatawa amabwerako ndi mafiriji ndi malata pa ngolo ya basi, kapena ndalama zomangira nyumba ya lendi. Zikavuta, monga mu 2015 pomwe alendo ankamenyedwa ku Durban, mabasi omwewo amawabweza n'kuwatsitsira pa Kamuzu Stadium ali chimanjamanja.

Pali mfundo ina imene imalumikiza madoko akutali ndi kakhonde ka ku Mbayani. Mafuta onse a galimoto m'dziko muno amachokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ambiri pa mathanki a pamsewu. Ndalama zakunja zikasowa, kapena njira ikavuta, mizere imayamba pa mafilingisiteshoni ndipo minibasi imakwera mtengo tsiku lomwelo. Mlonda kapena wantchito wa m'nyumba amene amakhala ku Machinjiri kapena ku Bangwe amapeza kuti theka la malipiro likuthera pa ulendo. Wa ku Mbayani amangomanga zingwe za nsapato, theka la ola ali pa Victoria Avenue, kapena ku Namiwawa ndi Nyambadwe kumene amagwira ntchito. N'chifukwa chake nyumba ya lendi kuno sigona yopanda munthu, ngakhale ikhale yopanda madzi, njira yake yoti galimoto ya odwala singalowe. Ulendo ukadula, anthu amathinana kufupi ndi tauni. Malo athyathyathya akatha, amakwera m'mapiri ndi kutsikira m'makhwawa. Zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche mu March 2023 tonse tikuzidziwa. Anthu amene anamanga pamenepo sikuti sankaliona phirilo. Ankawerengera mtunda wopita ku ntchito.

Amene ali ndi kangachepe amachita zosiyana: amatsata msewu kutuluka. Pitani pa Kameza, Ngumbe, Chileka, Lunzu, kapena mbali inayo ku Mpemba, Chigumula, Bvumbwe ndi Njuli, muone nyumba za malata a mtundu zikumera m'minda ya chimanga, puloti yogulidwa kwa amfumu. Mzinda ukutambasuka ngati zala motsata misewu isanu yotuluka. Ambiri mwa malo amenewa ali kunja kwa malire a khonsolo ya mzinda, choncho anthu ake amawerengedwa ngati akumudzi. Boma la Blantyre kunja kwa mzinda linali ndi anthu oposa 450,000 mu 2018. Mwina ndiye kuti kuchedwa kukula kuja mbali ina n'kwa papepala: mzinda wadumpha mpanda wake, ndipo wowerenga waima mkati mwa mpanda. Khonsolo nayo imataya msonkho wa anthu amene masana amagwiritsa ntchito misewu ndi misika yake.

Panopa maso ali pa njanji ya kumwera. Mozambique inakonza mbali yake kuchokera ku Mutarara kufika m'malire, ndipo kuno ntchito yokonza makilomita 72 a pakati pa Marka ndi Bangula inayamba, ngakhale ikuyenda mwa kamba. Ikadzalumikizidwanso mpaka ku Limbe, podutsa pa Chiromo pomwe Shire ndi Ruo amachita zofuna zawo chaka ndi chaka, mafuta ndi feteleza zikhoza kutsika mtengo, ndipo zimenezo zingathandize aliyense. Koma ine sindiyembekeza kuti Limbe wa 1950 adzabwerera. Makontena a lero amatsitsidwa ndi makina, anthu khumi akugwira ntchito imene kale inkafuna mazana. Ndipo sitima yochokera ku Beira ikhoza kungoima pang'ono n'kupitirira ku Kanengo. Funso loyenera kufunsa aphungu athu si lakuti njanji ifika liti, koma lakuti n'chiyani chidzatsike kuno n'kusandulizidwa chinthu china chisanakwerenso: nandolo wa ku Phalombe, thonje la ku Chikwawa, makadamiya a ku Thyolo, zikopa, soya. Ngati zonse zidzangodutsa zosaphika, tidzakhala ngati anthu a ku Neno, owerenga mabogi.

Pamene tikudikira, tauni yatsopano ikumera pa Zalewa, pomwe pali mlatho, rodibuloko ndi mphambano, ndipo galimoto iliyonse imayenera kuchepetsa liwiro. Basi ikangoima, mawindo onse amadzaza ndi mabeseni: mbewa, masau, malambe, chimanga chootcha, mazira owiritsa, nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo. "Bwana, tengani ziwiri ndikuchotserani!" Kumbuyo kwa mabenchiwo kwamangidwa malo ogona, mabala, magalaja ndi nyumba za lendi. Makilomita ochepa kumtunda kwa mtsinje wa Shire kuli Matope, kumene amtengatenga ankatula katundu wa Mandala zaka 140 zapitazo, ndipo basi ya ku Lilongwe siidziwa n'komwe njira yake.